Chiphalaphala cha moto ndi momwe chimaumbira dziko: mafunso ndi mayankho

Ndimaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu. Phiri likangophulika kwinakwake, zithunzi zake n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp, mafunso amandipeza paliponse: m'kalasi, pa depoti, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Ndasonkhanitsa omwe amabwerabwera. Ena ndawayankha mwachidule, ena ndachedwapo chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Kodi chiphalaphala chimenechi ndi moto weniweni, kapena ndi matope otentha?

Si moto, si matopenso. Ndi mwala wosungunuka. Ukadali pansi pa nthaka akatswiri amautcha magma, ukatulukira kunja n'kuyamba kuyenda amati lava, chomwe ife tikuti chiphalaphala. Mmenemo mulibe chomwe chikuyaka ngati nkhuni. Kufiira kuja n'kofanana ndi kwa chitsulo chomwe wosula makasu wachisiya pa makala.

Chotentha kwambiri chimafika madigiri 1,000 mpaka 1,200, pomwe madzi amawira pa madigiri 100 okha. Amene anawotchapo njerwa akudziwa zija za pakhomo pa moto mu uvuni, zomwe zimapserera n'kuda, n'kumanyezimira ngati galasi, zina mpaka kumatana. Pamenepo dothi linali litayamba kusungunuka. Chiphalaphala ndi chomwecho, kungoti chimatuluka chochuluka moti chimadzaza chigwa.

N'chifukwa chiyani mapiri ena ophulika ndi osongoka pomwe ena ndi otambalala?

Funso ili ndimalikonda kuposa onse, ndipo yankho lake lili kukhitchini.

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu umenewu ndimabwera m'kalasi ndi thireyi ndi zophika zitatu: phala lamadzimadzi longa la mwana wakhanda, phala lolimba la mgaiwa, ndi kachidutswa ka kondowole. Thireyi ndimaipendeketsa pang'ono pa desiki. Phala lamadzimadzi ndikangothira limathamanga mpaka kumapeto, n'kufalikira mopyapyala. Lolimba limatsetsereka pang'ono n'kuima, litatundumuka pakati. Kondowole sasuntha n'komwe, amangokhala pomwe mwamuika. Ana amaseka, koma akatero saiwalanso.

Chomwe chimalimbitsa chiphalaphala ndi silika, chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga woyera wa kunyanja ndi galasi. Akachepa, kufika pafupifupi theka la mwalawo, chiphalaphala chimakhala chamadzimadzi, ndipo chikauma chimasanduka mwala wakuda wotchedwa basalt. Chimayenda makilomita ambiri chisanaume. China chikatuluka chimayala pamwamba pa chakale, ndipo pakapita zaka zikwi zambiri pamamera phiri lotambalala ngati lichero lovundikira. Mauna Loa wa ku Hawaii ndi wotere. Ndi wamtali mamita oposa 4,100 kuchokera pamwamba pa nyanja, komabe chitunda chake n'chosatsetsereka moti munthu ali pamenepo sadziwa kuti wakwera phiri lalikulu chotero. Nyamuragira wa ku Congo ndi wa mtundu womwewu.

Silika akachuluka, chiphalaphala chimalimba. Sichipita patali, chimaunjikana pafupi ndi pakamwa pa phiri. Nthawi ina patuluka chiphalaphala, nthawi ina phulusa ndi miyala, zonse n'kumasanjikizana. Mapeto ake ndi phiri losongoka, monga Fuji wa ku Japan. Chikalimba ngati kondowole uja chimangotundumuka pakamwa pomwepo n'kutseka njira.

Apa ndi pomwe pali ngozi, ndipo ambiri amaganiza mosemphanitsa. Amaopa chamadzimadzi chifukwa chimaoneka choopsa pa zithunzi, koma chomwe chimapha anthu ambiri ndi cholimba. Amayi onse akudziwa kuti phala likadali lamadzi limangowira bwinobwino, koma likayamba kulimba pophika nsima limaphulika n'kudonthera pa mkono, chifukwa nthunzi ikusowa potulukira. M'chiphalaphala mulinso mpweya. M'cholimba mpweyawo umatsekeredwa mpaka phiri kuphulika ndi mphamvu, n'kutulutsa mtambo wa phulusa lotentha womwe umatsika phiri mwaliwiro loposa galimoto. Mu 1902 phiri la Pelée pa chilumba cha Martinique linachita zimenezi, ndipo anthu pafupifupi 28,000 a m'tauni ya Saint-Pierre anafa m'mphindi zochepa.

Chimathamanga bwanji? Munthu angachithawe?

Kawirikawiri inde. Pamalo athyathyathya mutu wa chiphalaphala umayenda pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi, nthawi zina mamita ochepa pa ola. Anthu amapeza mpata wotulutsa katundu m'nyumba. Chomwe sangapulumutse ndi nyumbayo ndi munda.

Koma pali phiri limodzi lomwe silitsata lamulo limeneli, ndipo lili m'dera lathu lomweli la Africa. Nyiragongo ali kumpoto kwa mzinda wa Goma ku Congo, dera lomwe asilikali athu akhala akupitako kukasungitsa mtendere. Ngakhale ndi losongoka, chiphalaphala chake chili ndi silika wochepa kwambiri, ndipo chimadikha m'chibowo cha pamwamba pake ngati dziwe. Pa 10 Januwale 1977 khoma la phirilo linang'ambika, dziwe lonse n'kukhuthuka ola lisanathe, likutsika pa liwiro lofika makilomita 60 pa ola. Anthu a m'midzi ya m'munsi analibe pothawira.

Pa 17 Januwale 2002 zinachitikanso. Ulendo uno chiphalaphala chinalowa mu mzinda wa Goma, kudula pakati pa tauni, kukwirira mbali ina ya msewu wa ndege pa bwalo, mpaka kukathira mu nyanja ya Kivu. Anthu mazana a zikwi anathawira ku Rwanda, ndipo oposa 100,000 anatsala opanda nyumba. Pa 22 Meyi 2021 linaphulikanso, chiphalaphala n'kukaima m'mphepete mwa mzindawo.

Chikazizira chimaoneka bwanji?

Pali maonekedwe awiri odziwika, ndipo mayina ake ndi a chilankhulo cha ku Hawaii, omwe akatswiri a dziko lonse anangowatengera.

Loyamba ndi pahoehoe. Taonani phala mukalisiya m'mbale: pamwamba pamachita kakhungu, pansi likadali lotentha. Mukapendeketsa mbale, kakhunguko kamachita makwinya. Pahoehoe ndi wotero, wosalala, wamakwinya ngati zingwe zopota zomwe zaunjikidwa pamodzi. Munthu atha kuyendapo bwinobwino.

Lachiwiri ndi aa. Apa khungu limasweka chiphalaphala chikuyenda, n'kusanduka zibuma zakuthwa zomwe zimagubuduka kutsogolo kwake. Chikauma chimasiya chipululu cha miyala yokhakhala yomwe imang'amba nsapato. Ku Tsavo ku Kenya kuli dera lotere lomwe anthu analitcha Shetani, kutanthauza Satana.

Palinso chinthu chachitatu chomwe chimadabwitsa anthu mpaka kuganiza kuti anasema ndi amisiri. Chiphalaphala chikadikha pamalo amodzi mokhuthala, chimazizira pang'onopang'ono, ndipo pozizira chimakhwinyata n'kung'ambika. Mukaona dambo m'mwezi wa Okutobala, matope ataumiratu, ming'alu yake imapanga timagawo ta ngodya zisanu kapena zisanu ndi imodzi. M'chiphalaphala ming'alu yotereyi imatsika mpaka pansi, n'kusiya mizati ya mwala yoimirira mondondozana ngati mapolo omangidwa mtolo. Ku Giant's Causeway, ku Northern Ireland, kuli mizati yotere pafupifupi 40,000.

Nanga miyala ija yopepuka, yazibowozibowo?

Zibowozo ndi malo omwe munali mpweya pomwe mwala unkauma. Wina umakhala ndi zibowo zambiri moti umayandama pa madzi. Umenewo ndi pumice, mwala womwe ena amakwechera mapazi.

Ndamva kuti chiphalaphala chimapanga mapanga. Zimatheka bwanji?

Zimatheka, ndipo n'chifukwa chake chimafika kutali. Mtsinje wa chiphalaphala ukamayenda, pamwamba pamauma n'kukhala denga. Denga limenelo limasunga kutentha ngati chivundikiro cha poto, choncho mkati chimapitirira kuyenda osazizira. Phiri likasiya kutulutsa, chotsalira chimakhuthukira kumunsi, n'kusiya mphako yaitali ngati paipi. Phanga la Kazumura ku Hawaii ndi lotalika makilomita oposa 60. Ku mapiri a Chyulu ku Kenya kuli lina lotchedwa Leviathan, la makilomita oposa 10.

Chikakumana ndi mtsinje kapena nyanja, amapambana ndani?

Poyamba chimapambana chiphalaphala. Chimatsata chigwa ngati madzi, choncho njira yomwe chimakonda ndi ya mtsinje. Chikadzaza chigwacho n'kuuma, madzi amatsekeredwa kumtunda n'kukhala nyanja, kapena amafuna njira ina.

Nyanja ya Kivu inabadwa motero. Kale madzi a dera limenelo ankapita kumpoto, cha ku nyanja ya Edward. Mapiri a Virunga atamera pakati pa chigwa anatseka njirayo, madzi n'kudzaza mpaka kusefukira kum'mwera. Lero amatuluka kudzera mu mtsinje wa Ruzizi kupita ku nyanja ya Tanganyika. Tangoganizani mtsinje wa Lunyangwa wa kuno ku Mzuzu utatsekedwa ndi khoma la mwala n'kutembenuka kuyamba kulowera kwina. Nyanja ya Tana ku Ethiopia, komwe kumayambira Blue Nile, inatsekedwanso ndi chiphalaphala.

Chikafika kunyanja chimawonjezera mtunda. Mu 2018 phiri la Kilauea ku Hawaii linawononga nyumba zoposa 700, linadzaza gombe lonse la Kapoho, n'kusiya mtunda watsopano wa mahekitala pafupifupi 350 pomwe kale panali madzi. Kufupi ndi Iceland, chilumba cha Surtsey chinatuluka m'nyanja mu 1963 anthu akuona. Pansi pa madzi chiphalaphala chimauma msanga kunja n'kupanga mibulu yonga mapilo osanjikizana, ndipo gawo lalikulu la pansi pa nyanja zamchere ndi la mwala wotere.

Koma pakapita nthawi madzi amabwezera. Mathithi a Victoria pa mtsinje wa Zambezi amagwera pa basalt wa zaka pafupifupi 180 miliyoni, ndipo zigwembe zokhotakhota za kumunsi kwake ndi ming'alu ya mwalawo yomwe mtsinje wakhala ukukumba umodzi ndi umodzi.

Kodi n'zoona kuti phiri linamera m'munda wa chimanga?

N'zoona. Mu Febuluwale 1943, mlimi wina wa ku Mexico dzina lake Dionisio Pulido anali m'munda mwake pomwe nthaka inang'ambika n'kuyamba kutulutsa utsi ndi phulusa. Sabata isanathe bwino panali chulu chotalika mamita oposa 100. Phirilo, lotchedwa Paricutin, linapitirira kutulutsa mpaka 1952, litafika mamita oposa 400. Chiphalaphala chake chinakwirira midzi iwiri. Pa mudzi wa San Juan Parangaricutiro chomwe chikuonekabe ndi nsanja ya tchalitchi, itatulukira pakati pa miyala yakuda. Ndikafotokoza nkhaniyi m'kalasi mumakhala zii, chifukwa mwana aliyense akuganiza za munda wa kwawo, ndipo funso lotsatira limabwera lokha.

Nanga kuno? Phiri la Kaning'ina kapena la Hora lingaphulike tsiku lina?

Ayi. M'Malawi mulibe phiri lophulika lomwe lili lamoyo. Mzuzu wakhala pa mapiri a Viphya, ndipo miyala ya pansi pathu pano ndi yakale kwambiri, ya zaka mamiliyoni mazanamazana. Inaumira pansi penipeni pa nthaka, ina n'kuphikidwanso ndi kutentha ndi kupanikizika. Hora wa ku Mzimba komanso mwala wa njovu uja timauona pa msewu wa ku Chikangawa ndi matanthwe olimba omwe anatsala mvula ndi mitsinje zitakokolola zofewa zowazungulira. Kusongoka kwa phiri si umboni woti ndi lophulika.

Ngozi ya m'mapiri mwathu muno ndi ina: dothi kugumuka mvula ikagwa masiku ambiri, makamaka pomwe tadula mitengo n'kumanga m'zitsetsereko. Imeneyo ndiyo tiziiopa.

Ndiye phiri lophulika lapafupi ndi ife lili kuti?

Lili pafupi kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo amayi ndi abambo ambiri a mu msika wa Taifa amalidutsa popita kukaoda katundu. Mukawoloka Songwe n'kuyamba kukwera kuchokera ku Kyela kulowera ku Tukuyu ndi Mbeya, muli pakati pa mapiri ophulika. Lalikulu ndi Rungwe, la mamita pafupifupi 2,980. Pali Ngozi, lomwe m'chibowo chake muli nyanja yozunguliridwa ndi makoma a nkhalango. Palinso Kyejo, lomwe linatulutsa chiphalaphala komaliza cha m'ma 1800. Kwa phiri, zaka 200 ndi dzulo.

Ndinadutsako ulendo wina pa basi. Chomwe chinandigwira mtima ndi kusintha kwa dothi. Kuchokera ku Karonga maso anali atazolowera mchenga ndi minda ya mpunga, koma titayamba kukwera, m'makoma a msewu munayamba kuoneka mizere: wakuda, wotuwa, wakudanso, uliwonse kuimira kuphulika kwake. Pomwe tinaima ndinatola kamwala kotuwa kopepuka ngati chikonyo cha chimanga. Ndimakasunga mu kabati ya kusukulu, ndipo ana amakaponya m'beseni la madzi kuti aone kakuyandama. Kufupi ndi Tukuyu, pa mtsinje wa Kiwira, pali mlatho wa mwala wa chiphalaphala womwe madzi amadutsa pansi pake. Eni dera amautcha Daraja la Mungu, kutanthauza mlatho wa Mulungu. Kiwira ameneyu amathira m'nyanja yathu yomweyi, ndipo akatswiri omwe anaboola matope a pansi pa nyanja ya Malawi anapezamo mizere ya phulusa la mapiri a Rungwe.

Madzi otentha a ku Chiweta ndi zivomerezi za ku Karonga, si chizindikiro choti pansi pali chiphalaphala?

Ndi pachibale, koma si chinthu chimodzi. Tili mu chigwa chachikulu cha Rift Valley, pomwe mtunda wa Africa ukung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka. Kung'ambika kumeneku ndiko kunakumba nyanja yathu, yomwe kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700 cha kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo ndiko kunaimika chikweza cha Chiweta chomwe malole amalira nacho. Miyala ikatsetsereka m'ming'alu imeneyi timamva chivomerezi, monga cha ku Salima mu 1989 ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009.

Madzi a ku Chiweta, omwe amatentha kupitirira madigiri 70, ndi a mvula. Amalowa m'ming'alu n'kutsika pansi kwambiri, komwe miyala ndi yotentha mwachilengedwe, pakuti kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yomwe mwatsika. Akatentha amakweranso ndi mng'alu wina. Sipafunika dziwe la chiphalaphala kuti zimenezi zichitike.

Kodi dziko lathu silinaonepo chiphalaphala chiyambire?

Linachiona, kale kwambiri. Pa nthawi yomwe basalt wa ku mathithi a Victoria ankayalidwa, ming'alu italiitali inatseguka kum'mwera konse kwa Africa n'kutulutsa chiphalaphala chamadzimadzi chomwe chinasefukira dera lalikulu. Mtundu umenewu supanga phiri limodzi, umayala mtunda wonse, mkeka pamwamba pa mkeka. Mapiri a ku Lesotho ndi otsalira ake. Kwathu kuno otsalira ali ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje cha kumalire ndi Mozambique. Miyala yokongola ya agate yomwe imakumbidwa ku Ngabu inamera m'zibowo za mpweya za basalt ameneyu.

Patapita zaka mamiliyoni ena, kum'mwera kunabukanso moto. Chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, Tundulu ndi Songwe Hill ku Phalombe, komanso Kangankunde ku Balaka ndi mizu ya mapiri ophulika omwe mitu yake inakokoloka kalekale. Mwala wake ndi wosowa, wotchedwa carbonatite, ndipo ndi umene uli ndi miyala ya mtengo wapatali ija makampani a migodi akuifuna kumeneko. Pa dziko lonse lapansi phiri limodzi lokha ndi lomwe likutulutsabe chiphalaphala cha mtundu umenewu: Ol Doinyo Lengai, kumpoto kwa Tanzania. Chake n'chozizirirapo, madigiri 500 mpaka 600, chimatuluka chakuda ngati oyilo wakutha ntchito, ndipo pakapita masiku ochepa chimayera ngati laimu. Wofuna kudziwa momwe Kangankunde ankaonekera ali wamoyo ayang'ane phiri limenelo.

Mulanje ndi Zomba ndi nkhani ina. Si mapiri ophulika. Magma ake sanatulukire kunja, anaumira pansi zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo anaonekera dothi ndi miyala ya pamwamba pake zitakokoloka. Sapitwa, pa mamita 3,002, anali pansi pa nthaka.

Anthu angachitchinge?

Kuchiimitsa ayi, kuchipatutsa nthawi zina. Mu 1973 pa chilumba cha Heimaey ku Iceland, chiphalaphala chinkapita kukatseka doko lomwe asodzi onse ankadalira. Anthu anapopa madzi a m'nyanja n'kumathira pa mutu wake usana ndi usiku kwa miyezi, mpaka unauma n'kukhala khoma. Nyumba mazana angapo zinapita, koma doko linapulumuka. Pa phiri la Etna ku Italy amagwiritsa ntchito makoma a dothi ndi ngalande. Zonsezi zimafuna makina, ndalama ndi chiphalaphala choyenda pang'onopang'ono. Ku Goma chomwe chingapulumutse anthu ndi kuchenjezedwa nthawi yabwino, ndipo n'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva kuti oyang'anira phiri akusowa zipangizo.

Ngati n'zoopsa chonchi, anthu amakhaliranji pafupi ndi mapiri amenewa?

Yankho lili pa mulu wa nthochi mu msika wa Mzuzu. Chiyambireni matenda a chisaka kuwononga nthochi zathu, zambiri zomwe timagula zimachokera ku Tanzania, ndipo dera la Tukuyu ndi limodzi mwa nkhokwe zake. Kumeneko nthochi, tiyi, khofi, mapeyala ndi mbatata ya kachewere zimachita kupikisana. Mvula ndi yambiri, inde, koma nafenso ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay mvula sitisowa. Kusiyana kuli m'dothi. Lathu ndi lokalamba: mvula yakhala ikulitsuka kwa zaka zosawerengeka mpaka michere yambiri inapita, n'kutsala katondo wofiira yemwe popanda feteleza kapena manyowa sapatsa kanthu. La ku Rungwe ndi laling'ono msinkhu. Phulusa ndi basalt zikamafumbutuka zimatulutsa potaziyamu, kashiamu, magineziyamu ndi ayironi, ndipo dothi lake limasunga chinyezi. Mlimi amene agogo ake analima pamenepo osaona phiri likuchita kanthu sangasiye munda wotere.

Koma chonde chimenechi sichibwera msanga. Phulusa limasanduka dothi m'zaka zochepa, pomwe chiphalaphala chouma ndi thanthwe. Kumalo a mvula yambiri ndere zimayamba kumera pamwamba pake, kenako timitengo m'ming'alu, ndipo pamapita zaka mazana kuti khasu lilowe. Kouma chimakhala chakuda chomwecho kwa zaka zikwi. Alimi a nthochi a pa chilumba cha La Palma, omwe minda yawo inakwiriridwa mu 2021 phiri litatulutsa kwa masiku 85, sangayembekezere kuti thanthwelo lifumbutuke iwo ali moyo. Ofuna kulimanso pamenepo ayenera kuswa mwala n'kuthirapo dothi lochokera kwina. Ku Goma anthu anamanganso pamwamba pa chiphalaphala cha 2002, ndipo miyala yomweyo yomwe inakwirira nyumba zawo ndi imene akumangira maziko ndi mipanda.